Akazi Atatu ndi Chidindo Chimodzi: Kuwerenga Mbiri ya Miriam Makeba tili ku Kapata

Buku la Makeba: My Story linatuluka mu 1987. Nthawi imeneyo Nelson Mandela anali akadali m'ndende, boma la tsankho la ku South Africa linali chilili, ndipo mwini nkhani, Mayi Miriam Makeba, anali atatha zaka 28 asanapondenso kwawo. Analilemba m'Chingerezi mothandizana ndi mlembi wa ku America, James Hall. Anthu ambiri amati ndi mbiri ya woyimba wotchuka amene analimbana ndi tsankho, ndipo sanama. Koma ukaliwerenga mosathamanga umaona kuti mzati wa bukuli ndi akazi atatu: Christina amene anabala Miriam, Miriam mwiniwake, ndi Bongi, mwana mmodzi yekhayo amene Miriam anabala. Mabwalo akuluakulu, mphoto, kudya ndi atsogoleri a mayiko, zonsezi zakhala pakati pa maliro awiri, a mayi mu 1960 ndi a mwana mu 1985. Ku maliro oyambawo sanaloledwe kukafika. Achiwiriwo anawalirira kudziko la eni.

Bukuli lili ndi mawu kwa ife a ku Kapata. Tauni yathu ya Chipata yakhala ikutumiza ana ake kutali kuyambira ikadali Fort Jameson: amuna ku migodi ya Copperbelt, ku mapulazi a Southern Rhodesia, ena mpaka ku Joni. Lero akazi nawonso ali pamsewu, ena pa basi ya Great East Road kupita ku Lusaka, ena kuwoloka pa Mwami kukaoda katundu ku Lilongwe, ena ulendo wa ku Nakonde. Ndi mabanja ochepa amene sadziwa mwana woleredwa ndi agogo chifukwa amake anapita kukasaka ndalama, kapena mtchona amene uthenga wa maliro unam'peza anthu ataika kale. Funso limene Mayi Makeba akulimbana nalo m'masamba onsewa ndi la kwathu komwe: mkazi amene mphatso yake yam'chotsa pafupi ndi amake ndi mwana wake, angakhale bwanji pamtendere ndi mtima wake?

Zonse zikuchitika tsopano

Wowerenga asanalowe m'nkhani, amayamba wakumana ndi kakambidwe kake. Nthano zathu zimayamba ndi "Padangokhala", omvera n'kuvomera kuti "Tili tonse", ndipo mawu amenewo amakankhira zinthu kutali, kalekale, kumene sizingatipweteke. Mbiri zambiri za anthu otchuka zimayenda chomwecho: ndinabadwa, ndinavutika, ndinapambana. Mayi Makeba anakana njira imeneyo. Amakamba moyo wawo ngati ukuchitika pamene wowerenga akuwerenga. Khanda lili m'ndende tsopano lino. Mtsikana akulera ana a azungu tsopano lino. Ndege ikunyamuka, chidindo chikugwa pa pasipoti, mwana akudwala, zonse tsopano lino.

Kakambidwe aka kali ndi ntchito ziwiri. Yoyamba ndi yoonetsa kuti munthu wotsekeredwa kunja kwa dziko lake alibe "kale". Chilonda chimene chikadali chosapola sungachikambe ngati chipsera. Pamene bukuli limalembedwa, chitseko cha kwawo chinali chikadali chotseka, manda a amayi awo anali asanawaone, ndipo palibe amene akanawalonjeza kuti adzawaona. Aliyense amene anakhalapo m'nyumba ya siwa amadziwa kuti amayi akamabuma sakamba za womwalirayo ngati munthu wakale. Amalankhula naye, kumufunsa kuti ana awa wawasiyira yani, ngati ali pomwepo akumva. Bukuli lalembedwa ndi mawu a munthu amene maliro ake sanathe.

Ntchito yachiwiri ndi yozama kuposa iyi. Munthu akamakamba za kale amakhala ndi nzeru za lero, ndipo nzeru zimenezo zimasanduka woweruza: ukanadziwa, sukanapita. Koma mtsikana wa zaka 27 amene akukwera ndege mu 1959 sakudziwa kuti amake sadzawaonanso. Akudziwa kuti waitanidwa ku Venice chifukwa cha filimu ya Come Back, Africa, kuti mwayi wotere subwera kawiri kwa mwana wa munthu wakuda, ndi kuti akabwerako adzatha kusamala banja. Pokamba zinthu m'nthawi yake yomweyo, wolemba akutikakamiza kuima pamene iye anaima, ndi kudziwa zokhazo zimene iye ankadziwa. Apa m'pamene kudzikhululukira kwayambira. Sakupempha kuti timuone wosalakwa. Akupempha kuti tisamuweruze ndi nzeru zimene zinabwera pambuyo.

Nyerere isanafike mbalame

Masamba oyambirira amatipatsa zinthu zitatu zimene wolemba amadzionamo: nyerere, mbalame ndi madzi a mumtsinje. Nyerere yasankhidwa chifukwa cha katundu amene imasenza, wolemera kuposa msinkhu wake. Mbalame yasankhidwa chifukwa cha kuuluka pamwamba pa zoipa. Madzi asankhidwa chifukwa amaperesa miyala mpaka kusalala.

Tione bwino ndondomeko yake. Woyimba amene dziko lonse linkamuombera m'manja tikanayembekeza kuti ayambe ndi mbalame, popeza ndiyo imayimba. Iye wayamba ndi kachirombo kamene anthu amakaponda osakaona, kamene ntchito yake ndi kusenza. Ndipo mbalame ikafika, sakuitamanda chifukwa cha mawu ake. Mphatso yoyimba, imene ife tikanaiika patsogolo, m'zithunzi zitatuzi mulibe. Chimene chikubwerezedwa ndi dziko limene anabadwira. Munthu amene boma linam'landa unzika akuyamba buku lake potsindika katatu kuti iye ndi mwana wa nthaka imeneyo, boma lifune lisafune.

Palinso china. Zinthu zitatu zonsezi ndi zoyenda. Nyerere ili paulendo, mbalame ili m'mlengalenga, madzi sagona. Palibe mtengo, palibe phiri, palibe nyumba. Munthu amene anayenda ndi mapasipoti a mayiko angapo, wopanda la kwawo, sanathe kudzifanizira ndi chinthu chokhazikika. Ndipo ngakhale zikuyenda, palibe chimene chimayenda chokha: nyerere zimatsatana, mbalame zimauluka m'magulu, dontho limodzi silipanga mtsinje. Kuyambira pa tsamba loyamba, "ine" wa m'bukuli ndi wa anthu.

Ndende, mowa ndi uchembere

Miriam anabadwa pa 4 March 1932 m'komboni ya Prospect, ku Johannesburg. Ali ndi masiku 18, amayi ake anamangidwa chifukwa chofulula ndi kugulitsa mowa wamasese, umene kumeneko amautcha umqombothi, ndipo analamulidwa kukhala m'ndende miyezi isanu ndi umodzi. Khanda loyamwa silitsala, choncho Miriam analowa nawo. Lamulo linkaletsa anthu akuda kuchita malonda a mowa m'matauni, ndipo nafenso m'nthawi ya atsamunda tinali ndi nyumba za mowa za makhonsolo zimene zinkadya phindu limene amayi a m'makomboni akanadyetsera ana awo.

Chofunika kuona ndi m'mene nkhaniyi yakambidwira. Mwana wa munthu akatchuka, kawirikawiri amabisa zotere, kapena kuzikamba mopepesa. M'bukuli mulibe manyazi. Christina sakuoneka ngati chigawenga. Akuoneka ngati ntchembere imene ikuchita zimene zingadyetse ana pamene njira zina zatsekedwa. Akuluakulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo, ndipo Mayi Makeba akuonjezera kuti usamuonenso ndi maso a boma limene linam'manga. Mayi aliyense wa pa msika wa Kapata amene anathawapo ndi beseni la tomato pamutu, mwana ali kumbuyo, amvetsa tsamba limeneli popanda womumasulira.

Bambo ake a Miriam, a Caswell, anamwalira iye ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Amayi ake anakagwira ntchito ya m'nyumba kwa azungu ku Johannesburg, mwana n'kutsala kwa agogo ake kufupi ndi Pretoria, kumene anaphunzira pa sukulu ya mpingo wa Methodist ya Kilnerton ndi kuyimba m'kwaya. Tsono tione m'mene njira imeneyi ikubwerezedwera. Mu December 1950, Miriam ali ndi zaka 18, anabala Bongi. Banja lake ndi James Kubay linali la nkhonya ndipo silinakhalitse. Pamene mwayi woyimba unatseguka, poyamba ndi gulu la Cuban Brothers, kenako Manhattan Brothers, kenako gulu la akazi okhaokha la Skylarks, mpaka sewero la King Kong mu 1959, Bongi ankatsala ndi agogo ake, a Christina. Mwana amene analeredwa ndi agogo wakula, naye wasiya mwana wake kwa agogo.

Wolemba sakuimirira kuti atilalikire za kubwerezaku. Wangoziika moyandikana kuti tione tokha. Mayi wochapira azungu ndi mayi woyimba pansanja akuoneka otalikirana, wina wobisika, wina wodziwika, koma onse awiri akulipira mtengo umodzi: kuti mwana adye, mayi achoke. Kutchuka sikunam'masule Miriam ku lamulo limene linamanga amake. Kunangotalikitsa ulendo, kuchoka pa mtunda wa pakati pa Pretoria ndi Johannesburg kufika pa nyanja yamchere yonse.

Kudziwika dzina, osaonedwa nkhope

Za kutchuka, bukuli lili ndi zochitika zitatu zimene ndi bwino kuziwerenga pamodzi. Choyamba ndi cha mu 1947, pamene Mfumu George VI inayendera South Africa. Ana a sukulu anakonzekera nyimbo, anaima pamvula kudikira, galimoto ya mfumu n'kudutsa osaima. Ameneyo ndiye anali womvera wamkulu woyamba pa moyo wa Miriam.

Chachiwiri ndi cha mu 1960. Pa 21 March apolisi anapha anthu 69 ku Sharpeville, ndipo abale ena a Mayi Makeba anali m'gulu la ophedwa m'masiku amenewo. Chaka chomwecho amayi awo anamwalira. Iwo ali ku America, kumene woyimba Harry Belafonte anali atawathandiza kupeza malo oyimbira, anapita ku ofesi ya boma la South Africa kukapempha chilolezo chopita ku maliro. Mkulu wa pa tebulo akutenga pasipoti, akutchula dzina lawo ngati munthu amene amayembekezera tsikuli, sakuwayang'ana, akudinda, n'kuchokapo. Pasipoti yafa.

Chochitika ichi ndi chachifupi, ziganizo zake ndi zodukaduka, koma chasenza zonse zimene wolemba akufuna kunena za kutchuka. Mkuluyo akulidziwa dzina. Chikhala kuti anali mtsikana wamba wantchito, bwenzi dzina lake litasowa m'mulu wa mapepala. Kudziwika kumene kunawatulutsa m'komboni ndi komweko kunawatsekera kunja. Ndipo munthu wodziwa dzinayo sakukweza maso kuti aone mwana wamasiye amene waima patsogolo pake. Umu ndi m'mene kutchuka kulili m'buku lonseli: anthu kukudziwa dzina, osakuona nkhope.

Chachitatu ndi cha mu 1968. Pofika chaka chimenecho Mayi Makeba anali atayimba pa phwando la tsiku lobadwa la John F. Kennedy ku Madison Square Garden mu 1962, atalankhula ku United Nations motsutsa tsankho mu 1963, zimene zinachititsa kuti nyimbo zawo ziletsedwe kwawo, atalandira mphoto ya Grammy mu 1966 chifukwa cha chimbale chimene anajambula ndi Belafonte, ndipo nyimbo ya Pata Pata inali italowa m'nyumba za ku America mu 1967. Atakwatiwa ndi Stokely Carmichael, mtsogoleri wa achinyamata akuda amene boma la America linkamuopa, oitana anayamba kubweza mawu, mapangano a zimbale n'kutha. Mawu awo anali omwewo, nyimbo zinali zomwezo. Chinasintha ndi mwamuna amene anasankha.

Mfumu yodutsa, mkulu wa chidindo, ndi amalonda a nyimbo akuphunzitsa phunziro limodzi. Kuombera m'manja kuli ndi eni ake, ndipo eniwo amatha kuleka tsiku lililonse. N'chifukwa chake wolemba sakhalitsa pa masamba a ulemerero. Amawadutsa mothamanga, mayina a anthu otchuka akungopita ngati mitengo ya m'mbali mwa msewu. Ngakhale Pata Pata, imene inawadziwitsa ku dziko lonse, iwo ankaiona ngati kanyimbo kovinira kopanda kulemera kwenikweni. Pamene amachepetsa liwiro ndi pa amayi awo, pa mwana wawo ndi pa zidzukulu.

Tsitsi, khungu ndi lilime

Ngati kuombera m'manja n'kosadalirika, munthu aima pati? Yankho la bukuli likuyambira pathupi. Mayi Makeba ankakwera pansanja ndi tsitsi lalifupi lachibadwa, losawongola, nkhope yosapaka zambiri, pa nthawi imene oyimba akuda ambiri ankawongola tsitsi kapena kuvala mawigi kuti alandiridwe. Anakananso kutsatsa mafuta oyeretsa khungu. Akazi ena akuda atayamba kutengera kametedwe kawo, iwo sanadzitame kuti ayambitsa fashoni. Kwa iwo kunali kungolisiya tsitsi kuti likhale m'mene linamerera.

Apa tipeze kusiyana pakati pa kudzilandira kwa m'bukuli ndi kumene timamva masiku ano pa Facebook ndi TikTok, kumene munthu amauzidwa kuti adzikonde koma n'kumawerengabe kuti ndi angati amukonda. Kwa Mayi Makeba, kudzilandira sikuyamba ndi kudziona wokongola. Kukuyamba ndi kukana kukonza chimene sichinawonongeke. Mafuta oyeretsa khungu akugulitsidwabe m'misika yathu, ndipo atsikana a ku Kapata, ku Mchini ndi ku Navutika akumvabe uthenga wakuti nkhope yakuda ndi vuto lofunika mankhwala. Woyimba ameneyu anaima pamaso pa azungu a ku New York, amene ndalama zake zinkachokera kwa iwo, osasintha kanthu.

Chimodzimodzi lilime. Anayimba m'Chixhosa, m'Chizulu, m'Chisotho ndi m'Chiswahili kwa anthu osamva ngakhale liwu limodzi. Nyimbo ya ukwati ya Qongqothwane inawakanika azungu kutchula, ndiye anaipatsa dzina la The Click Song, koma mwini wake sanafewetse katchulidwe kuti awakondweretse. Ife a kuno nkhaniyi imatikhudza. Angoni a Mpezeni, amene makolo awo anawoloka Zambezi ndi Zwangendaba mu 1835, anachokera kumwera komweko, ndipo chilankhulo chawo chinatsala makamaka m'nyimbo ndi m'mayamiko amene timamva pa Nc'wala ku Mtenguleni. Tikudziwa m'mene lilime limatayikira, komanso m'mene nyimbo imalisungira. Oyimba monga Angela Nyirenda, amene anatengera malilime ndi magule a kum'mawa kuno ku mabwalo a ku Lusaka, ali pa njira yomweyo.

Koma kudzilandira kwa tsitsi ndi lilime ndi kopepukirapo. Mayeso enieni akubwera ndi Bongi.

Bongi

Bongi anafika ku New York mu 1960 ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. M'chaka chimodzi anataya agogo amene anamulera, dziko limene ankalidziwa, ndi anzake olankhula nawo chilankhulo chake. Anapeza mayi amene ankamukonda, koma amene ntchito yake inali ya maulendo. Patapita nthawi Mayi Makeba anadwala khansa ndipo anawachotsa chiberekero, motero Bongi anakhala mwana yekhayo mpaka kalekale. Banja litasamukira ku Guinea, kumene Pulezidenti Ahmed Sékou Touré anawalandira, Bongi anakula n'kukhala woyimba ndi wopeka nyimbo waluso. Iye ndiye anapeka A Luta Continua, nyimbo yolemekeza ufulu wa anansi athu a ku Mozambique, imene amake anaiyimba m'mayiko ambiri. Anabala Nelson Lumumba ndi Zenzi. Mwana wina, Themba, anamwalira ali wamng'ono ku Guinea komweko.

Masamba otsiriza ndi a kutaya kotsatizana. Sékou Touré anamwalira mu March 1984, ndipo asilikali analanda boma. Mu March 1985 Bongi anamwalira ku Conakry chifukwa cha zovuta za uchembere, ali ndi zaka 34. Mayi amene anakanizidwa kuika amake anaika mwana wake m'nthaka yachilendo, natsala ndi zidzukulu ziwiri.

Wolemba akunena mosabisa chimene akukhulupirira kuti chinapha mwana wake. Akuti moyo wa kuchilendo unam'sokoneza maganizo, ndipo mlandu akuuika pa tsankho limene linawatsekera kunja. Kuchokera pamenepo akutsimikiza kuti sadzaleka kulankhula. Wowerenga wachilungamo ayenera kuima apa ndi kufunsa: kodi si njira yothawira funso lowawa kwambiri, lakuti mwanayu anakula amake ali m'ndege ndi m'mahotela? Funsoli n'loyenera, makamaka popeza Bongi anali atamwalira pamene bukuli limalembedwa. Zonse zimene tikudziwa za mtima wake tikuzimva kuchokera pakamwa pa amake, kudzeranso m'cholembera cha munthu wina.

Ine ndikuona kuti zinthu ziwirizi sizitsutsana. Maulendo a mayi ndi oona, ndipo bukuli silinawabise, popeza ndi lomwelo latiuza. Koma ndani anachititsa kuti pasakhale agogo, azakhali, amalume ndi mudzi woti ugwirize mwana pamene mayi ali kutali? Christina atapita kukagwira ntchito, Miriam anali ndi agogo ndi abale ambiri pakhomo. Miriam atayamba kuyimba ku Johannesburg, Bongi anali ndi Christina. Njira imeneyi inali yowawa, koma inkagwira ntchito chifukwa mbumba inalipo. Chidindo cha 1960 chinadula mbumba. Mayi anatsala yekha ndi katundu amene kwathu kuno amasenzedwa ndi anthu khumi. Mlandu umene wolemba akuika pa tsankho ndi wolondola pamenepa: boma silinangom'landa dziko, linam'landa omuthandiza kulera.

Ulusi wa mizimu

Pali ulusi wina umene ukulumikiza akazi atatuwa. Christina anaitanidwa ndi mizimu ya makolo n'kukhala sing'anga, amene kumeneko amamutcha sangoma. Mayi Makeba, ngakhale anakulira m'kwaya ya tchalitchi, sanachite manyazi ndi mbali imeneyi ya amayi awo, ndipo ankaona kuti mphamvu imene imawagwira akamayimba ndi yapachibale ndi imene inkagwira amayi awo akamachiza. Izi sizinali zokometsera buku kuti azungu agule. James Hall mwiniwake, atalimbikitsidwa ndi Mayi Makeba, anapita ku Swaziland kukaphunzira using'anga, ndipo analemba buku lake la zimenezo. Mu 1988, chaka chimodzi bukuli litatuluka, Mayi Makeba anatulutsa chimbale chotchedwa Sangoma, cha nyimbo zimene anaphunzira kwa amayi awo.

Apa m'pamene kudzilandira kwa m'bukuli kwafika pachimake. Wolemba akudzipeza pamene wavomera kuti iye ndi mlatho wa pakati: wolandira kwa amake, wopatsira mwana wake. Nyimbo zina anazitenga kwa Christina, zina anazilandira kwa Bongi, ndipo onse awiri atapita, iye ndiye anatsala nazo pakamwa. Kuyimba kunasiya kukhala ntchito imene inamulekanitsa ndi okondedwa ake, n'kukhala njira yokhayo yowasungira. Munthu wotere sanganene kuti zonse zinayenda bwino. Angathe kunena kuti katundu ameneyu ndi wanga, ndipo ndisenza.

Ife owerenga a lero tikudziwa zimene wolemba sankadziwa. Mandela anatuluka m'ndende pa 11 February 1990, ndipo mu June chaka chomwecho Mayi Makeba anabwerera kwawo, nakagwada pa manda a amayi awo patapita zaka 30. Anayimbabe mpaka usiku wa pa 9 November 2008, pamene anagwa atangomaliza kuyimba ku Castel Volturno, ku Italy. Koma mphamvu ya bukuli ili poti linalembedwa mathero amenewa asanadziwike. Anadzilandira asanalandiridwe kwawo.

Chimene titengepo kuno

Dziko lathu linali mbali ya nkhani imeneyi. Mayi Makeba anali m'gulu la oyimba oitanidwa ku zikondwerero za ufulu wa mayiko a mu Africa, kuphatikizapo Zambia. Lusaka, m'nthawi ya Kenneth Kaunda, inasunga likulu la chipani cha ANC pamene chinali choletsedwa kwawo. Mnzawo woyimba, Dorothy Masuka, amene bambo ake anali a kuno ku Zambia, anakhala pakati pathu zaka zambiri za kuchilendo. Tinali anthu olandira otsekeredwa kunja, ndiye tiyenera kukhala oyamba kumva chimene bukuli likunena.

M'makwaya a RCZ ndi a Katolika, m'magulu a chigwirizano, pa zinamwali ndi pa maukwati, Chipata ili ndi atsikana amene mawu awo angathe kuwafikitsa kutali. Mnyamata akanyamula gitala kupita ku Lusaka, timati wapita kukayesa mwayi. Mtsikana akatero, funso loyamba ndi lakuti nanga ana atsala ndi yani, ndipo lachiwiri ndi la khalidwe lake. Akatchuka timavina nyimbo zake, koma mwana wake akapunthwa, mlandu wonse timausenzetsa iye yekha. Mbiri ya Mayi Makeba ikutionetsa kuti mayi wamphatso sagwa chifukwa cha mphatso yake. Amagwa pamene omuzungulira achoka, kaya achotsedwa ndi boma lankhanza, kaya achoka okha chifukwa cha miseche ndi nsanje.

Ife palibe boma limene latidindira chidindo chotiletsa kuthandizana. Malume amene mlongo wake ali pamsewu ndi salaula kapena ali mu situdiyo ku Lusaka angathe kupita kusukulu kukaona m'mene mphwake akukhozera. Mwamuna angathe kutsala ndi ana osadziona wochepa. Mpingo umene unaphunzitsa mtsikana kuyimba ungathe kuleka kumuona ngati wotayika tsiku limene wayamba kulandira ndalama ndi mawu ake. Ndipo aphunzitsi a m'masekondale athu angachite bwino kuika bukuli m'manja mwa ana a sukulu, anyamata ndi atsikana omwe, kuti aphunzire kufunsa funso loyenera akaona mayi ali pansanja: kodi ife, abale ake, tagwirizako mbali iti ya katundu wake?